Abwana akuti kuweruka masana ndiye malipiro anga

Azakhali,

Ndimaphika pa loji ina kuno ku Chintheche, chaka chachitatu tsopano. Nditapempha kuti andikwezere malipiro, abwana anati ndizithokoza chifukwa ndine ndekha wololedwa kupita kunyumba masana. Ndimalowa 6 koloko m'mawa, kuweruka 10, kubweranso 4 koloko madzulo mpaka 10 usiku, masiku 6 pa sabata. Kunena zoona masanawo amandithandiza. Ndimavuula chinangwa, kuyanika, ana akamaweruka kusukulu n'kupeza kondowole wapsa. Koma bambo a kunyumba akuti ndikudyeredwa masuku pamutu. Akulondola ndani?

Mayi wa ana awiri, Chintheche

Mwana wanga,

Ndikufunse kaye: nthawi zimenezi anasankha ndani? Alendo amadya m'mawa, kenaka ali kunyanja, ena kukaona tchalitchi chakale cha ku Bandawe, n'kudzafuna batala wootcha dzuwa litalowa. Masana kukhitchini kulibe ntchito. Abwana akukubweza kunyumba pa nthawi imene sakukufuna, ndiye n'kumati akukomera mtima.

Sindikunyoza masanawo ayi. Mayi amene amalandira yekha ana ake salipira wolera, ndipo chinangwa chikachedwa m'madzi ndi njala pakhomo. Pakanakhala kuti ungathe kunena kuti mawa ndilowa mochedwa, ndikupita ndi mwana kusikelo, abwana n'kuvomera osadula ndalama, ndikanati ugwiritsitse. Chimenecho n'chamtengo. Koma ngakhale chotero sichigula sopo, sichilowanso ku penshoni.

Tiwerenge. Maola 4 m'mawa ndi 6 madzulo akupanga 10 pa tsiku, 60 pa sabata. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo owonjezera pa tsiku wamba amalipidwa ola limodzi ngati ola ndi theka. Ukagwira pa tsiku lako lopuma kapena pa holide ya boma, amalipira kawiri. Ndiye pali maola 12 sabata iliyonse amene sunawatchule m'kalata yako. Wogwira masiku 6 ngati iwe alinso ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pa chaka, ndipo ku penshoni wolemba ntchito amaponya 10 peresenti, iwe 5. Izi si chifundo cha abwana, n'zako.

Bambo a kunyumba akulondola, koma asapite okha kukakalipa pa geti. Ntchito m'mbali mwa nyanjamo n'zosowa. Gula kope, uzilemba nthawi yolowa ndi yotuluka kwa mwezi wathunthu. Ukatero upemphe kuonana ndi abwana tsiku lopanda alendo ambiri. Za kukweza malipiro uzisiye kaye, uyambe ndi maola 12 aja, ndipo chimene mugwirizane chilembedwe. Akakana, kwera minibasi upite ku ofesi ya zantchito ku boma la Nkhata Bay. Zikakanika kumeneko, ku Mzuzu kuli khoti la nkhani za apantchito. Kopelo usaliiwale.

Azakhali