Zimene Ndinaphunzira ku Blantyre Mission

Anzanga a Fomu 2, JCE yayandikira ndipo mutu wa amishonale umatibalalitsa ndi zaka zake. Ine zakazi zinandilowa m'mutu pa holide yapitayi, azakhali anga a ku Ndirande atanditengera ku Blantyre Mission. Ndikugawireniko zinthu zitatu.

Choyamba ndi dzina. Mishoniyi inayambitsidwa ndi mpingo wa Church of Scotland mu 1876. Anaitcha Blantyre potengera mudzi wa ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone, yemwe uja anafika pa nyanja yathu ino ya Chilwa mu 1859. Amene anasankha malowa ndi Henry Henderson, ndipo womuperekeza anali Tom Bokwito. N'chifukwa chake sukulu ya pamenepo imatchedwa Henry Henderson Institute, ija timangoti HHI.

Chachiwiri ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels. Anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, munthu amene sanapite kusukulu ya zomangamanga. Chili ndi nsanja ziwiri zosafanana kutsogolo. Ukachiona ungati ndi cha ku Ulaya, koma njerwa zake anaumba ndi kuwotcha pompo ndi anthu a konkuno.

Chachitatu ndi manda a amishonale. Kwathu kuno sitilowa kumanda popanda chilolezo cha amfumu, ndiye ine miyendo inalemera. Azakhali anati, "Iwe, usaope, werenga miyalayo." Njira yake ndi iyi: chotsera chaka chobadwa pa chaka chomwalira. Ndinapeza kuti ena sanafike n'komwe zaka 40. Apa m'pamene ndinamvetsa zimene aphunzitsi amanena, kuti malungo ndi matenda ena anali vuto lalikulu la amishonale oyambawo.

Koma chinthu chimodzi chinandiwawa. Mayina a azungu ndinawawerenga pamiyala, pomwe a oumba njerwa aja sindinawaone. Chosalembedwa chimatayika.

Nanga ife a ku Kachulu? Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Agogo athu anaona ndi maso mmene anthu anapulumukira matemba atasowa. Tisadikire mpaka adzagone kumanda. Sabata ino aliyense afunse agogo ake funso limodzi, alembe yankho ndi dzina lawo, tidzamate pa bolodi pompano.