Musanadine Sheya, Ikanipo Zimene Mukudziwa

Ana anga, inu amene mwangoyamba ntchito yoperekeza alendo, yolandira anthu m'maloji, kapena yogulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, ndikufuna tikambirane za kabatani ka sheya kaja ka pa foni. Mumakadina kambirimbiri patsiku osayamba mwaganiza. Koma dziwani kuti mlendo amene munamuperekeza chaka chatha, n'kuyamba kukutsatirani pa Facebook atabwerera kwawo ku London kapena ku Johannesburg, sayang'ana kuti positi munaitenga kwa yani. Iye amangoti wanena ndi munthu wa ku Livingstone, amene mathithi a Mosi-oa-Tunya ali pakhomo pake, ndiye ziyenera kukhala zoona.

Amene munali aang'ono mu 2019 funsani akuluakulu a pantchito panu. Chaka chimenecho chilala chinavuta kwambiri. Madzi a m'damu la Kariba anatsika, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri. Zithunzi za matanthwe ouma a Mosi-oa-Tunya zinayamba kuyenda pa intaneti. Mu Okutobala, mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Edgar Lungu, anaika zithunzi zotere pa Twitter pochenjeza za kusintha kwa nyengo, ndipo pofika Disembala nyumba zikuluzikulu zofalitsa nkhani za kunja zinali kulengeza kuti mathithi athu akuuma. Zithunzizo sizinali zopeka, ndipo chilala chinalipodi. Chimene chinasowa ndi chija amachidziwa mwana aliyense wa ku Maramba kapena ku Dambwa: mbali yathu ya Zambia, ya Eastern Cataract, imachepa madzi chaka ndi chaka mu Okutobala ndi Novembala, mwina mpaka kuumiratu, madzi ena kampani ya magetsi ya ZESCO imawapatutsa kumtunda kupita nawo kusiteshoni yopangira magetsi, ndipo nthawi yomweyo ku Main Falls, kumene kumaoneka bwino mukaima kutsidya ku Zimbabwe, madzi amakhala akugwabe ndi mkokomo. Chithunzi chikamayenda chopanda mawu amenewa, wakutali amamva kuti zonse zatha. Ogwira ntchito zokopa alendo mbali zonse ziwiri za malire anatanganidwa kuyankha makasitomala a nkhawa, mpaka kuyambitsa #VictoriaFallsIsNotDry. Pofika Epulo 2020 Zambezi anali atadzaza kuposa mmene anadzazira zaka zingapo zam'mbuyo, koma apo n'kuti COVID-19 itatseka maulendo, owonera kulibe.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Munthu wosheya chinthu popanda kuwonjezerapo zimene akudziwa ndi kandimverere ameneyo. Ndiye positi ya wina ikakusangalatsani, lembani pamwamba pake mizere iwiri kapena itatu ya inu eni: chinajambulidwa liti, wojambulayo ataima pati, ndipo wowerenga wanu achite nacho chiyani. Kankhope kosekerera ndi kamoto si mawu.

Taonani chitsanzo ichi. Mnzanu waika vidiyo yokongola ya alendo akusambira ku Devil's Pool, m'mphepete mwenimweni mwa phompho. Inu mwaiona mu Epulo, mwaisheya. Mayi wina kunja waiona, wasunga ndalama, wagula tikiti, watera pa bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula mu Meyi, n'kufika pa desiki panu foni ili m'manja, vidiyo ija ikusewera, akuti ndikufuna apa. Inu ndiye mudzayang'anizane naye pomuuza kuti dziwe limenelo amasambiramo madzi akatsika okha, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa chaka, ndipo miyezi ya madzi ambiri n'kotseka. Mukadalemba kuti vidiyoyi ndi ya nyengo yotentha, koma wobwera pano tsopano akonzekere kunyowa ndi nthunzi pa Knife Edge Bridge, mayiyo akadabwera akudziwa chimene adzapeze, n'kubwerera kwawo akukutamandani.

China chimene chimandiwawa mtima ndi kubisa mwini ntchito. Bambo wina amakhala masiku ambiri akusema mvuu pa mtengo wa mukwa, kuipala ndi sandipepa, kuipaka polishi mpaka iwale. Wina amaijambula, chithunzi n'kuyenda m'magulu a WhatsApp ndi pamapeji a maloji, anthu n'kumayamikira, koma palibe wotchula kuti wosemayo amapezeka pa sitolo iti. Malayiki apita kwa ena, iye madzulo alongedza mvuu yake osagulitsa. Musamajambule sikirini n'kudula dzina la mwini. Sheyani kuchokera pa peji yake, mumutchule, ndipo ngati alibe peji mufunseni ngati angalole kuti muikepo nambala yake. Chimodzimodzi zithunzi zakale za tauni ino: ngati zachokera ku Livingstone Museum, nenani kuti zachokera kumeneko, wina mwina akalipira pakhomo kukaona zambiri. Ndipo musaope kusheya zabwino za mnzanu wa kampani ina. Tauni yathu ndi yaing'ono. Lero mwamuonetsa kwa anthu anu, mawa boti lake likadzaza adzatumiza otsalawo kwa inu.

Pali zina zosayenera kusheya n'komwe. Njovu zochokera m'paki zimalowa m'makomboni, ndipo nthawi zina zimapha munthu. Pasanathe ola, chithunzi cha mtembo chili m'magulu onse, abale ake asanauzidwe n'komwe. Chikafika kwa inu chithere pomwepo. Ngati mukufuna kuthandiza, sheyani chenjezo lochokera kwa a zanyama zakutchire kapena apolisi, lonena njira imene anthu aipewe. Ana a m'mudzi mwa Mukuni ojambulidwa ndi alendo ali ndi makolo awo. Alendo anu nawonso muziwapempha musanawaike pa sitetasi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zachinsinsi za anthu la 2021, komanso malamulo a milandu ya pa intaneti amene anakonzedwanso mu 2025, koma ine sindikuopsezani ndi khoti. Abwana amene mudzakapemphe ntchito mawa amayamba atsegula peji yanu asanatsegule kalata yanu.

Nkhani ya madzi idzabweranso, chifukwa chilala chimabwerabwera. Cha 2024 munachiona nokha. Zithunzi za matanthwe ouma zikadzayambanso kuyenda, musadzakane kuti mvula yavuta, ndipo musadzangoti n'zabodza. A Zambezi River Authority amaika pa webusayiti yawo kuchuluka kwa madzi odutsa pa mathithi, poyerekeza ndi chaka chapitacho. Tsegulani pamenepo, tengani nambala ya sabata imeneyo, pitani mukajambule nokha, mulembepo tsiku ndi malo amene munaima, kenako musheye positi ya matanthwe oumayo pamodzi ndi zanuzo.