Pamene Ana Athu Ayamba Kutalikira

Werengani: Luka 2:41-52; 2 Samueli 14:21-28; Yobu 1:4, 5; 1 Samueli 2:18, 19; Deuteronomo 6:6, 7.

Vesi Loloweza: Aefeso 6:4.

Mfundo Yaikulu: Mwana amene akukula amafuna malo akeake. Udindo wathu si kum'manga kapena kum'taya, koma kusunga njira yobwerera kwa ife ili yotseguka.

Ambiri a ife tikukumbukira masiku amene mwana ankatilondola kumunda, kuchitsime ndi kutchalitchi, natifunsa mafunso osatha. Tsopano wafika zaka 14 kapena 16. Akadya nsima anyamuka msanga. Madzulo ali ku bwalo la mpira, kapena ali phee ndi foni kuseri kwa nyumba. Tikam'funsa za kusukulu ayankha ndi liwu limodzi. Mtima wa kholo umawawa, ndipo timadzifunsa ngati tinalakwitsa penapake.

Kukula Si Kupanduka

Werengani Luka 2:41-52. Kodi Yosefe ndi Mariya anayembekeza kum'peza kuti Yesu? Nanga anam'peza kuti?

Yesu anali ndi zaka 12 pamene anatsalira ku Yerusalemu. Makolo ake anayenda tsiku lathunthu poganiza kuti ali m'gulu la apaulendo, ndipo anam'peza atapita masiku atatu, ali m'Kachisi pakati pa aphunzitsi. Iye sanachimwe. Anali atayamba kuzindikira ntchito ya moyo wake, ndipo makolo ake, ngakhale anali oopa Mulungu, sanamvetse. Mariya ananena nkhawa yake poyera, anamva yankho la mwana wake, nasunga zonse mumtima. Yesu anabwerera nawo ku Nazarete, nawamvera.

Makolo athu akale ankadziwa kuti nthawi yotere imafika. N'chifukwa chake mnyamata akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya makolo kukagona m'gowelo. Koma gowelo ankalimanga pabwalo pomwepo, pamene maso a akulu ankafika. Lero mtunda wakula. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere, ana ambiri alowa sukulu, ndipo ena akasankhidwira ku sekondale yoyendera yakutali amachita lendi kachipinda ku Ntaja, ku Ulongwe kapena ku Balaka. Enanso mtima uli ku Joni, kumene achinyamata ambiri a ku Machinga amapita kukafuna ntchito. Mwana akhoza kuchoka pamaso pathu asanakhwime nzeru.

Ngozi Ziwiri

Yoyamba ndiyo kumanga. Chifukwa cha mantha timachulutsa malamulo, kukalipa ndi kufufuza, kufikira mwana aphunzira kubisa. Paulo achenjeza atate pa Aefeso 6:4 kuti kulera kwawo kusakhale kopsetsa ana mtima.

Yachiwiri ndiyo kutaya. Kholo lokhumudwa limati, "Wakula, adziwa yekha," nilitseka pakamwa.

Werengani 2 Samueli 14:21-28. Kodi Abisalomu anakhala nthawi yaitali bwanji m'Yerusalemu osaonana ndi atate wake?

Abisalomu anali munthu wamkulu kale, ndipo anali wolakwa ndithu. Komabe Davide anam'lola kubwerera kumudzi nam'kaniza kuona nkhope yake zaka ziwiri. Anali mumzinda umodzi, koma mitima ili kutali. Chotsatira chake tichiwerenga m'mutu 15. Kukhala chete kwa kholo sikuchiritsa bala. Kumangopatsa ena mpata wolankhula kwa mwana wathu.

Tiyeneranso kusiyanitsa kukula ndi kusokera. Kukonda kucheza ndi anzake ndi kukula. Koma mwana akayamba kujomba kusukulu, kugona kosadziwika, kukhala ndi ndalama kapena foni zosadziwika kochokera, kapena kukhala wachisoni masiku ambiri osadya bwino, tisachedwe. Tikhale naye pansi, ndipo tipemphe thandizo kwa akulu a mpingo, aphunzitsi kapena achipatala.

Mlatho Usagwe

M'chaka cha 1998 Balaka inapatulidwa ku Machinga nikhala boma palokha. Komatu anthu a mbali ziwirizi akuwolokabe Shire pa Liwonde tsiku ndi tsiku, kupita kumsika, kumaliro ndi kukaona abale. Malire analembedwa, koma mlatho ulipo. Momwemonso mwana wathu adzakhala munthu payekha. Ntchito yathu ndiyo kusamala mlatho.

Werengani Yobu 1:4, 5 ndi 1 Samueli 2:18, 19. Kodi makolo awa anachitanji pamene ana awo sanali nawo pafupi?

Ana a Yobu ankachita madyerero m'nyumba zawo, iye kulibe. Koma ankalawira mamawa kuwaperekera nsembe, yense payekha. Hana ankasokera Samueli mwinjiro chaka ndi chaka. Mwana amakula, choncho mwinjiro wa chaka chatha sukanam'kwana. Kodi ife sitikuyesa kuveka mnyamata wa zaka 16 malamulo amene tinam'sokera ali ndi zaka 8?

Deuteronomo 6:7 aika chiphunzitso m'kati mwa moyo wa tsiku ndi tsiku: pakhomo, panjira, pogona ndi podzuka. Wachinyamata amene amangika pakamwa tikam'khazika pampando amamasuka tikamakonza naye njinga, tikamatola thonje, kapena tikamapita limodzi kuchigayo. Pamenepo timvetsere koposa kulankhula.

Tigwirizane naye za nthawi zochepa zimene banja lonse likhala pamodzi, makamaka potsegulira Sabata dzuwa likamalowa Lachisanu. Ellen G. White analangiza kuti mapemphero a m'banja akhale afupi ndi okoma, ndi kuti ana atengeko mbali. Tim'patse iye kusankha nyimbo kapena kuwerenga Mawu. Anzake tiwaitanire pakhomo, tiwadziwe maina. Ngati ali kutali kusukulu, tipite tikaone kumene amagona, osangotumiza ufa.

Mpingo nawonso uli ndi gawo. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nthawi zina mwana amauza mtsogoleri wa Pathfinder, malume kapena azakhali zimene sangauze makolo ake. Tisachite nsanje, tithokoze Mulungu kuti ali ndi munthu wokhulupirika womuuza.

Atate wathu wa Kumwamba adziwa kuwawa kwa kudikira ana otalikira. Iye satikoka ndi chingwe, ndiponso satseka khomo.

Mafunso Okambirana:

1. Ndi malamulo ati pakhomo pathu amene ayenera kusintha mwana akamakula, nanga ndi ati amene sayenera kusunthika?

2. Kodi mpingo wathu ukuwadziwa ophunzira amene akuchita lendi pafupi nafe, kutali ndi makolo awo? Tingawachitire chiyani Sabata lino?

3. Ngati pali mwana amene tinaleka kulankhula naye, ndani ayenera kuyamba?