Kufunafuna Nyama M'chipululu cha Namib

Kumwera chakumadzulo kwa Africa, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, kuli chipululu chotchedwa Namib. Chimayambira ku Angola, nkudutsa dziko la Namibia, mpaka ku South Africa. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 2,000.

Ife a ku Tete timati dzuwa timalidziwa. M'mwezi wa Okutobala nthaka imatiotcha kumapazi. Komabe mvula timaiona chaka ndi chaka. Ku Namib malo ena salandira ngakhale mamilimita 25 pa chaka chonse. Masana mchenga umatentha kupitirira madigiri 60.

Mlendo wofika dzuwa lili paliwombo amaona mapiri a mchenga okhaokha. Amati kuno kulibe chamoyo. Zamoyo zilipo ndithu, koma zabisala. Wofuna kuziona ayenera kudziwa nthawi yake.

Tiyeni tilawire mbandakucha. Madzi a m'nyanja ya kumeneko ndi ozizira, chotero usiku kumachita nkhungu. Mphepo imakankhira nkhunguyo kumtunda. Madzi a m'chipululu ndi amenewo. Pali chikumbu china chakuda chimene chimakwera pamwamba pa phiri la mchenga. Chikafika chimazyolika, mutu pansi, msana kumphepo. Nkhungu imasanduka madontho pamsana pake, madonthowo nkutsikira kukamwa. Chikatero chamwa.

M'mawa mchenga umakhala ndi mapazi a zonse zimene zayenda usiku. Mlenje aliyense amadziwa ntchito imeneyi. Tikaona timizere topendekeka, totalikirana pang'ono, tidziwe kuti padutsa kanjoka. Kanjoka aka ndi ka mtundu wa mphiri, koma nkakafupi, sikakwana ndi mkono womwe. Kamayenda chammbali, modziponya, kuti thupi lonse lisakhudze mchenga wotentha. Pamene mizere yathera, tiyang'ane bwino. Kadzikwirira pomwepo. Maso ake ali pamwamba pa mutu, ndipo ndiwo okha aoneka. Nthawi zina kamatulutsa nsonga ya mchira nkumaigwedeza. Buluzi amayesa ndi mphutsi, nabwera, nagwidwa. Ululu wake si woopsa ngati wa mphiri yathu, koma umapweteka. Tisafukule mchenga ndi manja. Tivalenso nsapato.

Dzuwa likakwera timakumana ndi buluzi wa mphuno yonga fosholo. Mchenga ukamuotcha amavina. Amakweza mwendo umodzi wakutsogolo ndi wina wakumbuyo kuti izizire, kenaka asintha. Zikafika povuta amadumphira mumchenga ngati munthu wolowa m'madzi, pakuti pansi mpozizira.

Birimankhwe nayenso aliko. Kwathu ambiri timamuopa, chonsecho alibe ululu. Wa ku Namib amayenda pansi, ndipo amathamanga akaona chikumbu. M'mawa amada bii kuti aothe msanga. Masana amayera kuti dzuwa lisamupweteke.

Masana enieni nyama zambiri zimabisala. Nafenso tikhale pamthunzi, timwe madzi. Munthu woyenda pa nthawi iyi wopanda madzi angathe kufa tsiku lomwelo. Asapite yekha, chifukwa mapiri a mchenga ndi ofanana, ndipo mphepo imafufuta mapazi ake.

Usiku titenge tochi. Timapeza nalimata wa khungu lopyapyala ndi maso aakulu. Zala zake ndi zolumikizana ngati za bakha, koma iye sasambira nazo. Amakumbira una ndi kuyendera pamchenga osatitimira. Akamva ludzu amanyambita madontho a nkhungu m'maso mwake.

Zambiri mwa izi tazidziwa chifukwa cha malo ophunzirira za chipululu a Gobabeb, amene anatsegulidwa mu 1962 pa mtsinje wa Kuiseb. Mtsinjewu umakhala wouma miyezi yambiri. Anthu a mtundu wa Topnaar akhala m'mbali mwake kuyambira kalekale. Amaweta mbuzi, ndipo amakolola chipatso chotchedwa nara, chonga vwende, chimene chimamera pa chitsamba chaminga cha mizu yozama.

Tikambirane

1. Kodi chikumbu cha ku Namib chimamwa bwanji madzi?
2. Chifukwa chiyani kanjoka kaja kamayenda chammbali?
3. Kodi m'mwezi wa Okutobala abuluzi ndi njoka za kwathu zimabisala kuti masana?
4. Tilembe mawu awa: chipululu, mchenga, nkhungu, buluzi, birimankhwe.