Mfuti ya Thompson: ya m'kanema ndi ya m'manja

Funso: Ndimakhala ku Texas ndipo ndimakonda kusunga zida zakale. Mtima wanga uli pa mfuti ya Thompson, ija timaiona m'makanema a zigawenga za ku Chicago. Kodi ndikaigula idzandisangalatsa monga ndikuganizira?

Yankho: Achimwene, yambani mwaona m'thumba. Kuyambira pa 19 May 1986, lamulo la America silolanso anthu wamba kulembetsa mfuti zatsopano zolakatitsa zipolopolo. Zogulitsidwa ndi zokhazo zimene zinalembetsedwa kale, n'chifukwa chake Thompson yeniyeni imadya madola masauzande makumi angapo. Bungwe la boma loyang'anira mfuti la ATF lidzafuna zidindo za zala zanu, zithunzi ndi msonkho wa madola 200, womwe unakhazikitsidwa mu 1934, kenako mudikire chilolezo. Ngakhale popita nayo kunja kwa Texas muyenera kupempha kaye.

Mukaigwira m'pamene mudzadabwe. Imalemera pafupifupi makilogalamu 5 ilibe zipolopolo, ndiye mikono sichedwa kutopa. Magazini ya zipolopolo 30 imatha m'masekondi atatu okha, ndalama n'kupita ndi utsi. Magazini yozungulira ija, yokongola pa kanema, imavuta kudzaza ndipo imachita phokoso poyenda, moti asilikali a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankakonda yowongoka.

Chinanso, mfuti yakale ikathyoka chitsulo chake choyambirira mtengo umatsika, choncho eni ake ambiri amangoipukuta mafuta n'kuitsekera. Ngati mukufuna mbiri, igulani. Ngati mwangolakalaka kuombera, kabwerekeni kumalo ovomerezeka ophunzirira kuombera.