Phunziro: kompyuta ingatiuze chiyani za mawa la nyanja ya Chilwa?

Akuluakulu a ku Kachulu akukumbukira 1968 ndi 1995, zaka zomwe nyanja inaphwa anthu nʼkumayenda pansi mpaka ku Chisi. Achinyamata anadzionera okha mu 2018, mabwato ali gada pamatope.

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosazama. Madzi amalowa kudzera mʼmitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, koma amachoka ndi dzuwa ndi mphepo basi. Ndiye moyo wa nyanjayi uli ngati kaundula wa sitolo: zolowa ndi zotuluka. Masamu oterewa kompyuta imawatha bwino.

Pali pulogalamu ina yotchedwa SWAT, yomwe anaikonza ku America. Munthu amaipatsa kuchuluka kwa mvula, mtundu wa dothi, kutsetsereka kwa malo, ndiponso zomwe zili pamalopo, kaya nkhalango, munda wa chimanga kapena dimba. Yokha imawerengera madzi omwe alowe pansi, omwe athamangire kumtsinje, ndi dothi lomwe akokolole. Ubwino wake ndi woti mutha kuifunsa za zinthu zomwe sizinachitike. Mitengo ya mʼphiri la Zomba itatha, Likangala adzayenda bwanji mu Okutobala? Nanga tikamalima mpaka mʼmphepete mwenimweni mwa mtsinje, matope olowa mʼnyanja achuluka motani? Nanga madzi opatutsira kuminda ya mpunga akawonjezeka?

Mwina mukuti, zikukhudzana bwanji ndi nsomba? Matemba ndi milamba zimakwera mʼmitsinje ndi mʼmadambo kukaswana mvula ikagwa. Nyanja ikaphwa, nsomba zopulumuka zimabisala mʼmaiwe a mitsinje yomweyo, ndipo ndi zimenezo zimadzadzazanso nyanja madzi akabwerera. Dziwe limodzi likakwiririka ndi mchenga, kapena wina akathiramo katupe, taphera mbewu. Mapulogalamu ena, monga MaxEnt, amatenga malo omwe cholengedwa chinaonekapo nʼkujambula mapu a malo ena omwe chingakhale. Mapu otero angathandize kusankha madambo oyenera kusiyidwa kuti mbalame za mʼmadzi ziziswanamo. Pajatu mbalame zomwezi ndi zina mwa zomwe zinachititsa kuti Chilwa ilowe mʼpangano la Ramsar loteteza madambo.

Koma tisanamizane, kompyuta siinapalaseko bwato. Imayankha molingana ndi zomwe mwaipatsa. Mukaipatsa manambala abodza, ibweza bodza lokonzedwa bwino. Apa mpamene ife tikulowapo. Mlangizi wa zausodzi akafika padoko kudzalemba nsomba zomwe zagwidwa, ena timachepetsa dala poopa kuti mwina ndi za msonkho. Tikatero tikusocheretsa omwe amawerengera tsogolo la makumba athu omwe.

Sabata ino pakhomo panu chitani ichi: funsani agogo maiwe omwe sanaphwe mu 1995 ndi mu 2018. Lembani mayina ake mʼkope, mudzi womwe lili, ndi nsomba zomwe zinapezekamo. Kopelo mukalipereke kwa a komiti ya padoko.