Mapesi Si Zinyalala, Ndi Chakudya cha Mbuzi

Tikakolola, ambirife timatentha mapesi, koma pofika Okutobala msipu watha, mbuzi zangotsala mafupa okhaokha. Kumbukirani, chiweto chowondetsetsa sichiloledwa pa Qurbani, ndipo kumsika mavenda amachigula motchipa.

Sonkhanitsani mapesi, masangwi a mtedza ndi makoko a nandolo, muunjike pathandala pamthunzi, posafika chiswe. Podyetsa, duladulani mapesiwo, wazani madzi amchere pang'ono, musakanize ndi masangwi, poti mapesi paokha sanenepetsa. Madeya akuchigayo yambani ndi kadzanja kamodzi pa mbuzi patsiku. Ochuluka nthawi imodzi amatupitsa mimba, mbuzi n'kufa. Achuku tayani. Madzi akumwa asasowe.

Zimene Allah watipatsa m'munda tisazisandutse phulusa.